Momwe mungapangire vidiyo ndi magazini kuchokera pa nkhani imodzi, kwa ophunzira media mu Lusaka

Anzanga amene mwangoyamba kumene kosi ya media, kaya muli pa UNZA ku Great East Road, kaya pa Evelyn Hone ku Church Road kapena pa ZAMCOM, pali semesita ina ikubwera imene ba lecturer adzakuuzani kuti mupange vidiyo yaifupi komanso magazini, ndipo ma deadline ake amakonda kuyandikana. Ambiri amazitenga ngati ntchito ziwiri, amapita kukajambula nkhani ya vidiyo, kenako n'kuyambanso kusaka nkhani ina ya magazini ndalama ya basi itatha kale, gulu litayamba kale kukangana. Ine ndikuti ngati ba lecturer alola, ndipo muwafunse kaye, sankhani nkhani imodzi yabwino, mupiteko mutakonzeka, mubwereko ndi zonse za vidiyo ndi za magazini. Koma zimatheka pokhapokha mutadziwa musanachoke pa hostel kuti chilichonse mwa ziwirizi chikufuna chiyani, ndiye tiyeni tiyende nazo mwa ndondomeko.

Poyamba sankhani nkhani yoti kamera ingaione

Mutu ngati "ulova pakati pa achinyamata mu Zambia" si nkhani, kamera siingajambule ulova. Nkhani ndi munthu mmodzi amene akuchita chinthu ndi manja ake, pa malo oti mutha kufikapo wapansi kapena ndi minibasi imodzi. Ine nditenga chitsanzo chimodzi ndiyende nacho mpaka kumapeto: wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road muja amapanga mageti, ma door frame ndi ma window frame. Malaiti akapita ntchito yake imaima, ndipo mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba anthu ngati amenewa amadzuka pakati pa usiku kukagwira ntchito nthawi imene magetsi abwera. Apo pali munthu, pali vuto, pali zinthu zooneka bwino, moto wa zitsulo, manja, makasitomala akudikira geti yawo.

Lembani nkhani yanu mu chiganizo chimodzi chabe. Ikakanika kulowa mu chiganizo chimodzi ndiye kuti simunaipeze.

Kenako pitani mukacheze opanda kamera

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amajomba, ndipo ndi pamene ntchito imapsera kapena kukhala yaiwisi. Pitani anthu awiri basi, osati gulu lonse la anthu 7. Perekani moni bwinobwino, "muli bwanji ba mudala, ndife ana a sukulu, tabwera kudzapempha," onetsani khadi ya sukulu ndi kalata ya ku department, ndipo nenani zoona za kumene vidiyo ikupita, ngati ndi ya mu kalasi chabe nenani, ngati mudzaiika pa YouTube kapena Facebook nenaninso. Munthu akavomera za mu kalasi n'kudzadziona pa intaneti amakhumudwa, ndipo wophunzira wina amene adzabwere pambuyo panu adzathamangitsidwa chifukwa cha inu. Nkhani ya ndalama ikambeni tsiku lomwelo, kuti mulibe cholipira koma mudzabweretsa kope ya magazini ndi zithunzi.

Muli pomwepo tsegulani maso ndi makutu. Dzuwa limachokera kuti m'mawa? Pafupi pali chigayo, bala yoliza nyimbo, tchalitchi cha ma speaker, jenereta? Magetsi amabwera nthawi yanji mu komboni imeneyo? Pali poti mungamukhazike munthu patali ndi msewu? Mukafuna kujambula mu msika ngati Soweto kapena City Market yambirani ku ofesi ya msika, pa mall ngati Manda Hill, Arcades kapena East Park pemphani kwa a management chifukwa ndi malo a eni ake. State House ndi ma barracks musalozeko kamera n'komwe. Mwana aliyense amene adzaoneke bwino nkhope, kholo lake livomere.

Manje khalani pansi ndi pepala

Mapepala atatu. Loyamba ndi mafunso, 8 kapena 10 akwana, ndipo akhale oti munthu afotokoze, osati oyankha kuti inde kapena ayi. "Ndiuzeni za tsiku limene kasitomala anabwera geti isanathe" limabweretsa nkhani, "kodi load shedding imakuvutani?" limabweretsa "eee" basi. Lachiwiri ndi shot list, mndandanda wa zonse zimene mufuna kujambula. Lachitatu ndi flatplan ya magazini, tumabokosi tojambula ndi pensulo tosonyeza peji iliyonse ndi chimene chidzakhalepo. Ambiri amapanga flatplan atabwera kale kojambula, kenako n'kuona kuti alibe chithunzi choimirira cha pa cover. Mukaipanga musanapite mumadziwa kuti mufuna chithunzi chimodzi choimirira chokhala ndi malo pamwamba olembapo dzina la magazini, chimodzi chogona chachikulu chodutsa mapeji awiri, ndi ting'onoting'ono 4 kapena 5.

Gawanani ntchito ndipo mulembe maina: wa kamera, wa sound, wofunsa mafunso, wa zithunzi za magazini. Wa zithunzi akhale munthu payekha, ndifotokoza chifukwa chake pansipa.

Zida

Ngati ku sukulu kuli kamera ndi tripod zobwereka lembetsani msanga, sabata ya deadline aliyense amazifuna. Zikasowa foni ikwana, musadandaule. Ikani pa 1080p, 4K idzangodzaza foni ndi kulemetsa laputopu. Ngati foni ikulola sankhani 25 fps, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi imodzi, chifukwa magetsi athu kuno ndi a 50 Hz ndipo TV yathu imayendera 25, mukajambula pa 30 pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira, mizere yakuda n'kumayenda. App ya Open Camera pa Android ndi yaulere ndipo pa mafoni ambiri imakulolani kusintha zimenezi. Pa kamera yeniyeni shutter, nthawi imene kamera imatsegukira kuwala pa chithunzi chilichonse, ikhale 1/50 ya sekondi. Usiku wake tchajani zonse, power bank yomwe, fufutani zosafunika mu foni chifukwa mphindi imodzi ya 1080p itha kudya ma MB opitirira 100, ndipo nyamulani ma earphone, kansalu kopukutira lens ndi ambulera ngati ndi nyengo ya mvula.

Tsiku lojambula

Fikani m'mawa, kuyambira 7 mpaka 9 hours kuwala kumakhala kofewa, kapena madzulo kuyambira ma 16 hours. Dzuwa la masana makamaka la mu October limapanga mithunzi yakuda m'maso mwa munthu ndipo mukamuika patsogolo pa khoma loyera kapena thambo lowala nkhope imada yonse. Mukhazikeni pa mthunzi, kuwala kumumenye kumaso cha m'mbali, kumbuyo kwake kukhale kodera pang'ono. Foni ikani pa flight mode, igonekeni, osati kuimika, dinani pa nkhope kwa kanthawi kuti focus ndi kuwala zikhazikike.

Manje sound, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene mavidiyo a ophunzira amafera. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni, koma mawu osamveka amatseka pasanathe masekondi 10. Maikolofoni ya pa kamera imene ili mamita atatu kutali imatola minibasi, ma ngwangwazi, tambala wa kwa aneba, mawu a munthu wanu amakhala pansi pa zonsezo ndipo palibe pulogalamu imene idzawabweze bwinobwino. Mankhwala ake ndi kuyandikira. Ngati muli ndi ka lapel mic kamangeni pa kolala, pafupifupi chikhatho chimodzi pansi pa chibwano. Ngati mulibe, tengani foni yachiwiri, tsegulani voice recorder, iikeni m'thumba la malaya la pachifuwa kapena mnzanu aigwire pafupi koma kunja kwa chithunzi. Zonse zikayamba kujambula ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera, poedita mudzagwirizanitsa mawu ndi chithunzi pa kuomba pomwepo. Jambulani masekondi 20 oyesera mumvetsere pa earphone musanapitirize. Ngati kamera ikuonetsa mlingo wa mawu azifika cha pa -12 dB, akafika pa 0 amang'ambika. Mu August mphepo ya mu Lusaka imaomba ndi fumbi, phimbani mic ndi ka siponji kapena mumukhazike munthu kuseri kwa khoma. Pemphani mwaulemu kuti anyamata a grinder aime kwa mphindi 15, ndipo musadutsitse nthawi imene mwapempha chifukwa iwo ali pa ntchito. Pomaliza aliyense akhale chete mujambule masekondi 30 a phokoso la pamalopo, mudzaligwiritsa ntchito kutseka mipata.

Pa intavyu kamera ikhale pa msinkhu wa maso ake, wofunsa aime pambali penipeni pa kamera, munthu aziyang'ana wofunsayo. Musamuike pakati, mukankhireni mbali imodzi, malo otsala akhale kumene akuyang'ana. Mulekeni akambe chilankhulo chimene amamasuka nacho, Chinyanja, Chibemba, zosakaniza, ma subtitle mudzaika. Funso loyamba atchule dzina lake ndi kalembedwe kake ndi ntchito yake. Wofunsa asamati "eee, ehe, zoona" pakati pa yankho, kwathu ndi ulemu koma pa sound zimaononga, gwedezani mutu chabe. Akamaliza kuyankha dikirani masekondi atatu musanafunse lina, nthawi zambiri mawu abwino kwambiri amatuluka pa kachete kameneko.

Ikatha intavyu jambulani B-roll, zithunzi za ntchito yake zimene zidzaphimbe mawu. Pa chochitika chilichonse tengani ma shoti asanu: manja pafupi, nkhope pafupi, malo onse patali, kuchokera kuseri kwa phewa lake, ndi imodzi yachilendo monga kuchokera pansi. Shoti iliyonse igwireni masekondi 10 osagwedeza, osapanga zoom, mukafuna pafupi yendani ndi miyendo. Khalani mbali imodzi ya munthu, mukalumphira mbali ina iye amene amayang'ana kumanja adzaoneka mwadzidzidzi akuyang'ana kumanzere. Ndipo chonde moto wa kuwotcherera musauyang'ane ndi maso, umapweteka maso ndipo ululu wake umabwera usiku, yang'anani pa screen mutaima patali chifukwa timoto timathetheka mpaka pa lens.

Wa zithunzi uja nayenso azigwira yake nthawi yomweyo. Chifukwa chake ndi ichi: chithunzi chodula mu vidiyo ya 1080p chili ndi ma pixel 1920 kwa 1080, pa 300 dpi (ma pixel 300 pa inchi iliyonse) imene osindikiza amafuna chimangokwana masentimita pafupifupi 16 kwa 9. Peji yonse ya A4 imafuna 2480 kwa 3508. Ndiye screenshot siingakhale cover, koma chithunzi chenicheni cha foni ya 12 megapixel chikwana. Wofunsa alembenso mu kabuku zinthu zimene kamera siigwira, fungo la chitsulo chopsa, mitengo ya mageti, zimene kasitomala ananena podutsa, izi ndi zimene zidzapatse moyo nkhani yolemba.

Mukafika kunyumba, musanadye nsima

Koperani zonse malo awiri, laputopu ndi flash kapena hard drive ya wina. Gulu lathu lina linataya intavyu yonse chifukwa khadi inabwezedwa pamodzi ndi kamera ndipo obwereka otsatira anaifufuta, tinachita kubwerera kukapempha munthu wamkulu kuti atipatsenso tsiku lake lina, ndipo ulendo wachiwiri sanakambe momasuka ngati poyamba. Gwiritsani ntchito chingwe, musatumizirane pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chifukwa imafinya, mukakakamizika tumizani ngati document. Pangani mafoda: intavyu, B-roll, sound, zithunzi, ndipo mukayamba kuedita musasunthenso mafayilo.

Kuedita vidiyo

Musanatsegule pulogalamu mvetserani intavyu yonse ndi kuilemba pamodzi ndi mphindi zake. Ndi ntchito yotopetsa koma imagwira kawiri, mawu omwewo ndi amene mudzagwiritse ntchito mu magazini. Chongani ziganizo zabwino 6 kapena 8, zisanjeni kuti zikhale ndi poyambira, vuto ndi pothera. Pulogalamu iliyonse ichita, Premiere Pro ngati ili mu lab, DaVinci Resolve ili ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvu, Shotcut ndi Kdenlive ndi zaulere komanso zopepukirako, CapCut imayenda ngakhale pa foni. Ikani mawu poyamba pa timeline, mzere wa mu pulogalamu umene mumasanjapo zidutswa, tsekani maso mumvetsere ngati ndi wailesi. Ikamveka ngati nkhani ndiye muyambe kuphimba ndi B-roll, makamaka pamene mwadula pakati pa mawu ndipo mutu wa munthu ukudumpha. Yambani ndi chinthu chogwira mtima, moto ukuthetheka kenako zii malaiti apita, osati logo ya gulu yozungulira masekondi 15. Ma transition a nyenyezi ndi otembenuza peji asiyeni, kudula wamba ndiko kwabwino.

Dzina la munthu liwoneke pansi masekondi 4 kapena 5 pamene wayamba kuyankhula. Ma subtitle asapose mizere iwiri ndipo mumasulire zimene wanenadi, musamukometsere. Nyimbo ikhale pansi kwambiri pa mawu, ndipo nyimbo za oimba athu zili ndi eni ake, ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo mu Zambia, ilipo chifukwa cha zimenezo, ndiye tengani za mu YouTube Audio Library kapena pemphani mnzanu woimba. Dinani Ctrl+S pafupipafupi, kompyuta ya pa desiki malaiti akapita imazima pompo. Potulutsa sankhani MP4, H.264, 1080p, fps yomweyo munajambulira, kenako ionereni yonse pa foni ina ndi speaker ya foniyo.

Magazini

Nkhani ya mu magazini si script ya vidiyo yokopera. Vidiyo imaonetsa, pepala limafotokoza zimene sizioneka: anaphunzira kuti ntchitoyi, chitsulo amagula kuti, jenereta imadya mafuta ochuluka bwanji, ana a sukulu amawalipirira bwanji mwezi woipa. Yambani ndi chochitika chimodzi chimene munaona ndi maso, kenako muuze wowerenga chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika, kenako mawu a mwini wake, ndipo pezani munthu wachiwiri, kasitomala kapena wophunzira ntchito. Nambala iliyonse ikhale ndi kumene mwaitenga. Ngati wina watchulidwa moipa mufunseni mbali yake kapena chotsani, magazini ya ophunzira nayonso itha kuipitsa mbiri ya munthu.

Mapeji amayenda anayianayi, 8, 12, 16, chifukwa pepala limodzi la A3 lopindidwa pakati limapereka mapeji 4 a A4, ndipo ndi mapepala amenewa amene amamenyedwa sitepula pakati. Mukakhala ndi mapeji 14 ndiye muwonjezere awiri kapena muchotse awiri. Cover ndi peji 1 ndipo ili kumanja, manambala ngati 2, 4, 6 amakhala kumanzere. Chithunzi chodutsa mapeji awiri chimakhala bwino pakati penipeni pa magazini pamene pepala ndi limodzi, ndipo nkhope ya munthu isagwere pa mpindiro.

Tsegulani InDesign ngati ilipo, kapena Scribus imene ndi yaulere, Canva nayo itha koma siyikupatsani ulamuliro wonse. Word isiyireni polemba nkhani chabe. Ikani A4, 210 kwa 297 mm, facing pages (mapeji awiriawiri oyang'anizana), ma column atatu, ndi bleed ya 3 mm. Bleed ndi kachidutswa kamene chithunzi kapena mtundu umapitirira kunja kwa peji, chifukwa mpeni wa osindikiza sudula ndendende, popanda iyo m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Koma zolemba zikhale mkati, osachepera 10 mm kuchokera kumphepete. Ma font awiri akwana magazini yonse, imodzi ya mitu ina ya nkhani, ya nkhani ikhale 9 kapena 10 pt, pa screen imaoneka yaing'ono koma papepala ndi yabwino. Peji iliyonse ikhale ndi chinthu chimodzi chachikulu chokoka maso, zina zonse zichepe. Musadzaze pena paliponse, malo oyera amathandiza maso kupuma. Pokulitsa chithunzi samalani kuti munthu asaoneke wofupika kapena wotalika mosayenera, ndipo chithunzi chilichonse chikhale ndi caption yonena ndani, akuchita chiyani, kuti, ndi dzina la wojambula.

Screen imagwiritsa ntchito RGB, makina osindikiza amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK, ndiye buluu wowala ndi girini wowala zimatuluka zozizirako papepala, musadabwe. Zolemba zing'onozing'ono zikhale zakuda za K 100 chabe, kutanthauza inki yakuda yokha, mukasakaniza inki zonse zinayi zilembo zimaoneka ngati zili ndi mthunzi makina akaphonya pang'ono.

Kwa osindikiza

Pitani mukawafunse masiku angapo deadline isanafike kuti amafuna fayilo yotani, mapeji amodziamodzi kapena osanja kale, ndipo funsani malo awiri kapena atatu mu town chifukwa mitengo imasiyana. Tulutsani PDF yokhala ndi bleed ndi crop marks, timizere tosonyeza podula pepala, ma font atalowa mkati mwake. Pepala la mkati la 115 mpaka 135 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi cover ya 250 gsm zimagwirika ngati magazini yeniyeni, thumba likachepa sindikizani cover yokha pa pepala lolimba. Musanalipire makope onse sindikizani imodzi, ngakhale yakuda ndi yoyera, ipindeni, muone ngati mapeji akutsatana. Wina amene sanalembe nawo awerenge mokweza, mitu ndi ma caption makamaka chifukwa zolakwika zimabisala mu zilembo zikuluzikulu, ndipo dzina la ba mudala aja muliyerekeze ndi mmene analitchulira pa intavyu, chilembo ndi chilembo.

Powerengera makope onjezerani imodzi ya ku Kalingalinga. Ipititseni nokha sabata yomweyo pamodzi ndi chithunzi chawo chimodzi chosindikiza pachokha, vidiyo muwaonetse pa foni yanu ali pomwepo, ndipo akaifuna muwatumizire pa Bluetooth kapena Xender kuti isawadyere bando.